Werengani kaye maola: momwe gulu la m'mudzi lingapeputsire amayi ntchito za pakhomo

Malangizowa ndi a gulu lomwe lilipo kale: banki m'khonde, amayi a Mvano kapena a Dorika, mphakati, gulu la amayi a kumzikiti, kalabu ya alimi, ngakhale komiti ya mjigo. Musayambitse gulu latsopano chifukwa cha nkhaniyi. Gulu latsopano limafuna tsiku lakelake la msonkhano, ndipo tsikulo lidzachotsedwa pa nthawi ya amayi omwewo amene tikuti nthawi ikuwachepera.

Ntchito zomwe tikunena ndi zija zimagwiridwa tsiku ndi tsiku popanda wolipira: kutunga madzi, kutola nkhuni, kukonola, kupita kuchigayo, kuphika, kuchapa, kuzira, kusambitsa ana, kupita nawo kusikelo, kutembenuza agogo amene sathanso kudzuka okha, kugona pasimenti kuchipatala monga gadiyani, kuphika pamaliro. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linawerengera mu 2018 kuti pa maola 100 aliwonse a ntchito zoterezi, amayi amagwira maola 76, kuposa katatu omwe amagwira abambo. Chiwerengerocho n'chabwino kuchidziwa, koma khansala wa dera lanu sangatekeseke nacho. Chomwe chingamudzutse pampando ndi chiwerengero cha mudzi wake womwe, cholembedwa ndi anthu amene amamuvotera. N'chifukwa chake ntchito yoyamba si kulemba zikwangwani kapena kupeka nyimbo, koma kuwerenga.

Choyamba: werengani maola a dzulo

Pezani chimanga chouma, nyemba zofiira, kope, ndi munthu wolemba zooneka. Aliyense alandire njere 24 za chimanga, njere imodzi kuyimira ola limodzi. Jambulani mabwalo pansi ndi kamtengo, ndipo m'bwalo lililonse ikanimo chizindikiro choti ngakhale wosadziwa kuwerenga achimve: kachigubu pa madzi, kankhuni pa nkhuni, mthiko pa kuphika, sopo pa kuchapa ndi kusesa, khasu pa munda, ndalama yachitsulo pa ganyu ndi malonda, kansalu pa kusamalira ana ndi odwala, mkeka pa tulo. Bwalo lomaliza likhale la kucheza, bawo, mpira, wailesi ndi mapemphero. Munthu agawe njere zake m'mabwalomo, mlembi alembe, njere zitoledwe, abwere wina. Mayina asalembedwe, zikwanira kulemba kuti mayi wa ana anayi, mtsikana wa Sitandade 7, bambo wa kabaza.

Funso likhale lakuti, "Dzulo munatani kuyambira pomwe munadzuka?" Mukafunsa za masiku onse, anthu amayankha zomwe munthu wabwino amayenera kuchita, osati zomwe iwo anachita. Pachifukwa chomwecho musawerenge Lolemba, poti dzulo lake ndi Lamulungu, kapena tsiku lotsatana ndi maliro kapena msika.

Gawani anthu panayi: amayi paokha, abambo paokha, atsikana paokha, anyamata paokha. Mtengwa sangaulule pamaso pa apongozi ake kuti watopa, ndipo mtsikana sanganene amayi ake ali pomwepo kuti analephera kulemba ntchito ya kusukulu chifukwa chodikira mzere pamjigo. Gulu la atsikana lisakusoweni. Mayi akalemedwa, katundu sapita kwa bambo. Amatsikira kwa mwana wamkazi wamkulu, ndipo zimaonekera pa kujomba ndi kuchedwa kusukulu.

Nanga nyemba zija n'zachiyani? Mayi akamapalira mwana ali kumbuyo, kapena akamagulitsa tomato khutu lili kwa wodwala m'nyumba, njere ya chimanga imagwera pa munda kapena pa malonda, kusamalirako n'kusowa m'kope. Ndiye munthu akamaliza kugawa chimanga, mufunseni kuti pa maola amenewa ndi angati omwe anali ndi mwana kapena wodwala womuyang'anira, ndipo pa ola lililonse lotero aikepo nyemba. Nthawi zambiri apa ndi pomwe anthu amadzidzimuka, kuphatikizapo amayi eni ake.

Maola a abambo awerengeni mwachilungamo. Usodzi wa usiku, kupalasa kabaza, kuwotcha njerwa, ulonda, kufolera denga, kukumba manda, zonsezo zilembedwe mosachotsera. Mukangobera pang'ono kuti nkhani ikome, abambo adzazindikira msanga, ndipo kope lonselo lidzatayidwa ngati bodza.

Chitani zimenezi kawiri pa chaka. Mu Okutobala zitsime zimakhala zitaphwa, mzere pamjigo umayamba kusanache. Mu Januwale ndi Febuluwale madzi ali pafupi, koma kuli kupalira, kubandira, nkhuni zonyowa, malungo a ana, ndi ganyu yosakira chakudya. Miyezi iwiriyi imapereka zithunzi zosiyana, ndipo mukawerenga umodzi wokha wina adzakutsutsani ndi winawo.

Onjezani kuwerenga kwa pamjigo penipeni. Anthu awiri asinthane kukhalapo masiku angapo ndi wotchi ya pafoni, kulemba nthawi yomwe munthu wafika ndi yomwe wasenza ndowa. Muli ndi miyeso iwiri yofanizira. Ndondomeko ya boma imati mjigo umodzi uzitumikira anthu pafupifupi 250 ndipo usatalikire kupitirira mamita 500. Mabungwe a WHO ndi UNICEF amati ulendo wonse wokatunga madzi, kupita, kudikira ndi kubwerera, usapitirire mphindi 30. Tiyerekeze kuti kwanu mayi amapita kanayi patsiku ndipo ulendo uliwonse umadya mphindi 45. Amenewo ndi maola 3 patsiku, maola 21 pasabata. Ngati mabanja ali 60, mudzi ukutaya maola 180 tsiku lililonse pa madzi okha. Masamu otere ndi omwe mudzalowe nawo m'maofesi.

Ena amakonda kusandutsa maolawo ndalama: ndowa ya madzi amatungitsa zingati kwa oumba njerwa, mtolo wa nkhuni ndi zingati pamsika, ganyu yochapa ndi zingati. Zimathandiza, koma fotokozani msanga kuti cholinga si choti bambo azilipira mkazi wake kumapeto a mwezi. Mukapanda kutero, mphekesera imeneyo idzafika kumabawo musanatseke msonkhano.

Chachiwiri: bweretsani magulu anayi aja pabwalo limodzi

Pitani kaye kwa anyakwawa, monga mwa mwambo wake, mukawaonetse kope msonkhano usanachitike. Mfumu yomva nkhani koyamba pagulu imaona ngati mwaitchera msampha, ndipo imayamba ndi kudziteteza. Apempheni kuti aitanitse ndi kutsegulira msonkhanowo iwowo. Nthawi yake ikhale yomwe amayi asankha, osati mamawa pomwe ali kumadzi kapena madzulo pomwe mphika uli pamoto, ndipo pakhale anyamata kapena abambo awiri osewera ndi ana pambali.

Zotsatira za amayi ziwerengedwe ndi bambo, za abambo ziwerengedwe ndi mayi. Zikumveka ngati zamasewera, koma bambo akawerenga ndi pakamwa pake kuti mnzake wa m'nyumba anadzuka 4 koloko n'kukagona 10 koloko usiku, anzake amamvetsera mosiyana ndi momwe akanamvera mayi wodandaula.

Konzekerani mayankho atatu omwe sadzalephera kubwera. Wina adzati ndi chikhalidwe chathu, mwamuna salowa kukhitchini. Musakangane naye za makolo. Mufunseni kuti kunyanja, asodzi akakhala kumadoko sabata yathunthu, amawaphikira ndani. Nanga anyamata athu ali ku Johannesburg amawachapira ndani? Amene amakazinga tchipisi pachiwaya, amene amasenza zigubu zisanu panjinga kukagulitsa kwa omanga nyumba, amene amapalasa nkhuni ndi makala kupita nazo m'tauni, ambiri ndi amuna. Ntchito ndi zomwezo, kungoti zalowa ndalama. Abambo amazitha, ndipo njinga yomwe imanyamula madzi ogulitsa ingathe kunyamulanso a pakhomo.

Wina adzati mwamuna wotsuka mbale anadyetsedwa khuzumule. Mawu amenewa kawirikawiri sachokera kwa amuna okha. Amachokeranso kwa amayi ake a mwamunayo, kwa azilongo ake, ngakhale kwa mkazi wake yemwe, amene amamulanda ndowa poopa kutchedwa waulesi pachitsime. Apa amayi tidziyang'ane tokha. Ngati gulu lanu likufuna abambo asinthe, ligwirizane poyera kuti palibe mmodzi wa inu adzaseke bambo wobereka mwana kapena kunena mkazi wake. Itananinso anankungwi, ankhoswe ndi alangizi a kumpingo, chifukwa zomwe amauza achinyamata pachinkhoswe ndi pachilangizo ndi zomwe zimakhazikika m'nyumba kwa zaka zambiri. Mlangizi mmodzi wouza mkwati kuti mkazi akadwala kapena akakhala woyembekezera mtondo ndi ndowa ndi za mwamunayo, amachita zambiri kuposa misonkhano khumi.

Wachitatu adzati jenda yapasula mabanja. Muyankheni ndi kope, osati ndi mkwiyo: maola 21 a kumjigo aja akanakhala a kudimba kapena a geni, ndalama yake ikanalowa m'nyumba ya ndani?

Msonkhanowu usathe ndi lonjezo lakuti abambo azithandiza akazi awo. Lonjezo lotero aliyense amaliombera m'manja, ndipo palibe amalikumbuka Lachitatu. Banja lililonse lofuna litchule ntchito imodzi kapena ziwiri, ndi tsiku lake: chimanga chizipita kuchigayo panjinga ndi abambo, madzi osamba a m'mawa azitunga anyamata, mwezi uno kusikelo apita abambo, agogo akagonekedwa kuchipatala, ana awo aamuna azisinthana ndi aakazi kubweretsa chakudya ndi kuchapa. Pa ana ikani lamulo losavuta: nthawi yomwe mnyamata ali pa makope, mtsikana akhalenso pa makope. Mbale zikatsala, atsuke onse.

Chenjezo limodzi lalikulu. M'nyumba momwe muli kale nkhanza, musatume mayi kuti akakambirane yekha za kugawana ntchito. Akhoza kuvulala chifukwa cha msonkhano wanu. Nkhani yotero ndi ya ankhoswe okhwima maganizo, ndipo pomwe pali kumenya ndi ya ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit kupolisi. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khothi kupereka chiletso choteteza wozunzidwa.

Chachitatu: sankhani chinthu chimodzi chokapempha kunja

Si maola onse angathe ndi kugawana m'nyumba. Mjigo ukakhala patali, bambo akatenga ndowa mtundawo suchepa, wangosintha woyenda. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, Diane Elson, anaika nkhaniyi m'mbali zitatu: ntchitoyi izindikiridwe, ichepetsedwe, ndiponso igawidwe, osati pakati pa mwamuna ndi mkazi pokha koma pakati pa mabanja, boma ndi olemba anthu ntchito. Mayiko, Malawi ali momwemo, anavomereza mfundo yotere mu 2015 pa zolinga za chitukuko za United Nations, pa mfundo 5.4. Choncho mukamapempha mjigo kapena sukulu ya mkombaphala simukupempha chifundo. Mukukumbutsa boma zomwe linasainira.

Bwererani ku kope muone bwalo lomwe ladya njere zambiri, ndipo sankhani limodzi. Gulu lopita kwa akuluakulu ndi madandaulo khumi ndi awiri limabwerako ndi "tamva, tiziona". Ngati ndi madzi, funsani kaye ngati vuto ndi kusowa kwa mjigo kapena kufa kwa womwe ulipo. Mijigo yambiri ya m'midzi ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo nthawi zambiri chomwe chimatha ndi tizipangizo tating'ono ta labala ndi pulasitiki tomwe mmisiri wa mijigo wa m'dera lanu angasinthe tsiku limodzi. Pamenepo nkhondo yanu si ya kuboma, ndi ya komiti ya mjigo: ndalama zomwe mabanja amasonkha mwezi ndi mwezi zili kuti, ndipo kope lake akusunga ndani? Ngati ndi nkhuni, mbaula zadothi za Chitetezo zimadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo mapesi a nandolo amayaka bwino m'menemo. Ngati ndi ana aang'ono, nkhani ndi mkombaphala wodalirika, wotsegula masiku onse a sabata. Ngati ndi odwala, mwina ndi chitando cha pachipatala chomwe chilibe madzi, chimbudzi kapena pophikira.

Apa pali dzenje lomwe magulu ambiri amagweramo, ndipo ndikhalapo pang'ono. Pafupifupi yankho lililonse lomwe limabwera m'mudzi m'dzina lothandiza amayi limabwera ndi ntchito ina yaulere, ndipo ogwira ake ndi amayi omwewo. Mkombaphala akatsegulidwa, alezi ake amakhala ongodzipereka, ambiri amayi. Phala la kusukulu likafika, ophika ndi otola nkhuni zake ndi amayi. Akati timange chipinda chophunziriramo mwa chitukuko chodzithandiza, otuta mchenga ndi otunga madzi oumbira njerwa ndi amayi, pomwe ntchito yolipidwa ya umisiri ndi ulonda imapita kwa amuna. Bungwe lililonse lobwera limafuna odzipereka ake oyenda khomo ndi khomo, ndipo mayi mmodzi wakhama amapezeka ali m'makomiti asanu, malipiro ake tisheti ndi chitenje. Mukapanda kusamala, chaka chikamatha amayi a gulu lanu adzakhala otopa kuposa momwe munawapezera, lipoti la bungwe likunena kuti apatsidwa mphamvu.

Tsono chitukuko chilichonse musanachivomere, funsani mafunso atatu pamaso pa anthu: madzi ndi mchenga atuta ndani, ntchito ya tsiku ndi tsiku ikadzayamba adzagwira ndani, ndipo pa ntchito zolipidwa amayi apatsidwa zingati? Mndandanda wosinthana ulembedwe ndi mayina a mabanja, osati a amayi, ndipo mfumu inene kuti banja likatumiza mayi sabata ino, sabata inayo litumize bambo. Alezi a mkombaphala aganiziridwe kuyambira tsiku loyamba: kaya mudzi uziwalimira munda, kaya makolo azisonkha kangachepe, kaya achotsedwe pa zitukuko zina. Mlezi wosalandira kanthu amasiya nthawi ya dzinja kukasaka ganyu, ndipo sukulu imatseka m'miyezi yomwe amayi akuifuna kwambiri.

Chachinayi: dziwani khomo logogoda

Chitukuko cha m'maboma chili ndi njira yake. Chimayambira ku komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, VDC, yomwe imalemba mapulani a m'midzi. Kuchoka apo chimapita ku ADC, ya dera la mfumu yaikulu, kenako kukhonsolo, komwe makhansala amavomereza mapulani ndi bajeti ya boma lanu. Pempho lomwe silinalembedwe ku VDC limakhala ngati kulibe, ngakhale mutaliimba pamsonkhano wa nduna. Pemphani mlembi wa VDC kuti nkhani yanu ilowe pa mndandanda wa zokambirana, pitani anthu osachepera asanu, abambo ena ali pomwepo, ndipo musachoke musanamve mlembi akuwerenga zomwe walemba m'maminitsi. Funsani tsiku lomwe ADC idzakumane, mudzatumeko munthu.

Kalata yanu ikwane tsamba limodzi. Inene kuti ndinu ndani, mwawerenga chiyani ndipo liti, mwapeza maola angati, mukupempha chiyani chenicheni ndi malo ake, ndiponso mudzi wakonzeka kuikapo chiyani. Mfumu idindepo chidindo. Lembani makope anayi: la VDC, la khansala, la ofesi yoyenera paboma, ndi lanu, pomwe wolandira aliyense asaine ndi kulemba tsiku. Za mijigo zili ndi ofesi ya zamadzi, za mkombaphala ndi ofesi yosamalira anthu, za chitando ziyambire ku komiti ya pachipatala chanu. Mlangizi wa chitukuko wa m'dera lanu ndi mlangizi wa zaumoyo akhale abwenzi anu. Iwowa amadziwa amene ali paudindo ndi tsiku lomwe amapezeka muofesi. Phungu nayenso alandire kalata. Ndalama za thumba la chitukuko cha dera la phungu, CDF, zimathandizanso pa zitukuko zing'onozing'ono ngati zimenezi. Koma pamisonkhano yanu pasaoneke nsalu ya chipani chilichonse. Mjigo ukangotchedwa wa chipani, theka la mudzi limakutayani.

Nthawi nayo ndi yofunika. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo mapulani amakonzedwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Wofika ndi pempho mu Meyi amauzidwa kuti adikire chaka chamawa. Mukawerenga maola mu Okutobala, kalata ikhale itafika Disembala asanathe. Miyezi imeneyo ilinso ndi masiku omwe akuluakulu amafuna choyankhula: pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala kuno kwathu, lomwenso ndi tsiku la amayi a kumidzi pa dziko lonse, pa 29 Okutobala ndi tsiku lokumbukira ntchito zosamalira anthu, lomwe United Nations inakhazikitsa mu 2023, ndipo kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala ndi masiku 16 olimbana ndi nkhanza. M'malo mongovina ndi kulandira zitenje, pemphani mphindi zisanu zowerenga zomwe zili m'kope lanu.

Mukapereka kalata, ntchito yeniyeni ndi kulondola. Sankhani anthu awiri oti azikafunsa mwezi uliwonse, ndipo thiransipoti yawo ichoke m'thumba la gulu, osati m'thumba mwawo. Pakapita miyezi itatu kuli zii, pitani ku wailesi ya m'dera lanu, monga Dzimwe ku Mangochi kapena Mudzi Wathu ku Mchinji, mukanene maola ndi tsiku lomwe munapereka kalata, mosanyoza munthu. Akakuuzani kuti ndalama zinatha, muli ndi ufulu wopempha kuona mapulani ndi bajeti ya khonsolo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Pa zisankho za VDC, ADC ndi komiti ya sukulu, imikani amayi anu, ndipo osati pa usungichuma pokha, paja udindo umenewo amaupereka mosavuta chifukwa ndi wotopetsa. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limati polemba anthu ntchito za boma mbali imodzi isachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100 aliwonse. Limanena za ntchito za boma, koma muyeso womwewo mungaupemphe m'makomiti a kwanu. Ingokumbukirani kuti mayi wosankhidwa amafunika womutsalira pakhomo tsiku la msonkhano. Popanda zimenezo adzajomba katatu, ndipo anthu adzati amayi maudindo sawatha.

Chachisanu: malamulo oti aliyense m'gulu awadziwe

Patulani msonkhano umodzi wa malamulo okha, ndipo ngati n'kotheka itanani wa ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, kapena mlangizi wa zamalamulo wa m'dera lanu. Mfundo yaikulu ndi ya katundu. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha mayi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu yemwe anali naye limodzi ndi mwamuna wake. Lamulo la maukwati la 2015 limaonjezera kuti pogawa katunduyo khothi liganizirenso zomwe aliyense anaikapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Choncho mwamuna sangangoti malata ndinagula ndine, iwe unkangokhala. Wophika, wolera ana ndi wotungira madzi amisiri anaikapo gawo lake pa nyumbayo. Amayi ambiri amachoka ndi mapoto okha chifukwa nkhani imathera kwa ankhoswe, omwe mfundoyi sanaimvepo. Ndiye ankhoswe akhalepo pamsonkhanowu. Mwamuna akamwalira, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu.

Kwa omwe ali pa ntchito yolembedwa, m'tauni kapena m'maesiteti, lamulo la ntchito limapatsa mayi tchuthi chauchembere cha masabata osachepera 8 ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Kuyambira pa kusintha kwa lamuloli mu 2021, bambo nayenso ali ndi masabata osachepera awiri mwana akabadwa. Abambo ambiri tchuthichi sachitenga, ena posachidziwa, ena poopa kusekedwa kuntchito. Amene achitenga, masabata awiriwo ndi a matewera, phala ndi kuperekeza ana ena kusukulu, osati okayendera munda kumudzi.

Mawu amodzi kwa amayi ndi abambo a m'tauni. Banja likaitanitsa kamtsikana kumudzi kuti kazilera ana, kalibe malipiro ndipo sukulu kasiya, vuto silinathe. Langosamukira kwa mwana wa munthu wosauka. Wantchito wa m'nyumba akhale wamkulu, alandire malipiro osachepera omwe boma linakhazikitsa, ndipo akhale ndi tsiku lopuma.

Chachisanu ndi chimodzi: werenganinso chaka chikatha

Mwezi womwewo chaka chinacho, tulutsaninso chimanga ndi nyemba, ndi magulu anayi omwe aja. Onani ngati bwalo lomwe munalimbana nalo lachepa njere, koma chachikulu onani komwe njerezo zapita. Ngati maola awiri omwe achoka kumjigo alowa m'munda wa fodya womwe ndalama yake mayi saiona, kapena alowa mu komiti yatsopano, lembani zimenezo momwe zilili, ndipo ikhale nkhani ya msonkhano wotsatira wa pabwalo. Ngati apita ku geni yake, ku sukulu ya kwacha, kudimba lomwe iye ali ndi mawu pa zokolola zake, kapena ku tulo, lembaninso; tulo nato tiwerengedwe monga phindu. Kwa atsikana, pemphani aphunzitsi aakulu akuonetseni kaundula wa kujomba wa teremu ino ndi wa teremu yomweyo chaka chatha.

Makope onse awiri, la chaka chatha ndi la chaka chino, ajambuleni pafoni tsamba ndi tsamba ndipo zithunzizo zitumizidwe kwa anthu atatu osiyana, chifukwa kope losungidwa m'nyumba imodzi limatha ndi chiswe, mvula kapena kusamuka kwa mlembi. Kenako tengani bwalo lachiwiri pa kukula kwake, mulembe kalata ina Disembala asanathe.